Doko la Hydra Lili ndi Eni Ake, Nawonso Maboti a Matanga Aikidwe Malire

Usiku wa pa 21 June 2024 moto unabuka m'nkhalango ya mitengo ya paini pachilumba cha Hydra ku Greece. Ozimitsa moto ananena kuti gwero lake linali makombola amene anaphulitsidwa kuchokera paboti lalikulu la alendo olemera, ndipo anthu 13 ogwira ntchito pabotilo anamangidwa powaganizira mlanduwo. Kumene kunkapsako kulibe msewu, motero ozimitsa moto anachita kudzera panyanja, kwinaku ndege zikuthira madzi. Dziko lonse linapsa mtima, ndipo mkangano wakale wokhudza kuchuluka kwa alendo pazilumba za dzikolo unakula. Mu 2025 boma linayamba kulipiritsa msonkho anthu otsika m'zombo zikuluzikulu zoyendetsa alendo: mayuro 20 pamutu ku Santorini ndi ku Mykonos m'miyezi ya alendo ambiri, ndi mayuro 5 m'madoko ena. Chimene chandichititsa kulemba ndi mmene anthu okonda tchuthi cha pamaboti a matanga anailandirira nkhaniyi. Ambiri mwa iwo anawomba m'manja, n'kumati zombo zikuluzikulu ndi mabwana a makombola ndiwo adani a zilumba, pamene iwo ndi alendo aulemu oyenda ndi mphepo. Ine ndikukana. Tauni ya padoko ngati Hydra ili ndi ufulu, ndiponso udindo, woika malire a maboti a alendo ogona padoko lake usiku uliwonse, kuwalipiritsa ndalama yooneka yotsala pachilumbapo, ndi kubweza ena onse mosachita manyazi, kaya boti lili ndi matanga kaya lilibe.

Kuti timvane bwino, tiyambe taona malo amene tikukambawa. Hydra ndi chilumba chamiyala chimene chili pafupi ndi gombe la Peloponnese, chigawo cha kumwera kwa Greece, ulendo wa maola osapitirira awiri pasitima yothamanga kuchokera ku Piraeus, doko la mzinda wa Athens. Anthu okhazikika pachilumbachi ndi pafupifupi 2,000, ndipo ambiri amakhala m'tauni imodzi yomwe nyumba zake zamiyala zinasanjikizana m'phiri mozungulira doko. Galimoto ndi njinga zamoto n'zoletsedwa, kupatula zingapo za khonsolo monga zotola zinyalala. Simenti, mabotolo a madzi, firiji yatsopano, masutikesi a alendo, zonsezi zimatsitsidwa padoko n'kukwezedwa pamsana pa nyulu ndi abulu, kapena kukankhidwa pa ngolo zamanja. Wofuna kupita ku Kamini kapena ku Vlychos, midzi ing'onoing'ono ya pachilumbachi, amayenda wapansi kapena kukwera boti la hayala. Tanthauzo lake n'lakuti doko ndilo msewu waukulu, depoti ndi msika wa tauni yonse. Ndipo dokolo ndi laling'ono zedi. M'chilimwe maboti a alendo amaponya nangula pakati pa doko n'kubwerera chafutambuyo kukamangirira kukhoma. Malo a kukhoma akadzaza, obwera mochedwa amamangirira pa anzawo, mzere wachiwiri, wachitatu, nthawi zina kupitirira apo. M'mawa anangula amakhala atakolana, ndipo amene wafuna kunyamuka msanga amazula wa mnzake. Zonsezi zimachitika pamadzi omwewo pamene sitima ya anthu, maboti a hayala, asodzi ndi boti la katundu ayenera kudutsa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti iwo ndi ochepa. Chombo chimodzi chachikulu chimatsitsa anthu masauzande pa ola limodzi, pamene boti la matanga limanyamula anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, ndiye kuwaika m'gulu limodzi n'kusalungama. Pa chiwerengero cha mitu akunena zoona, ndipo ku Santorini, kumene anafika poika malire a alendo a m'zombo 8,000 patsiku, vuto ndi zombo ndithu. Koma ku Hydra chinthu choperewera kwambiri si malo oyendamo anthu ayi, ndi malo a pamadzi m'doko. Pa muyeso umenewu boti la matanga ndilo lodya kwambiri. Sitima yochokera ku Piraeus imaima mphindi zochepa, kutsitsa anthu ambirimbiri n'kuchoka. Boti la alendo asanu ndi mmodzi limagwira malo kuyambira masana mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo likakhala la mtundu wa catamaran, lija la matupi awiri, limatenga malo okwana pafupifupi maboti awiri. Komanso mabotiwa sabwera mwa apo ndi apo. Ambiri ndi obwereka kwa sabata imodzi, amanyamuka Loweruka kumadoko a ku Athens monga Alimos, ndipo amatsata njira yofanana: Aegina, Poros, Hydra, Spetses. Amafika chigulu, masiku omwewo, maola omwewo. Munthu aliyense ali m'boti lake amadziona ngati ali yekha ndi nyanja, koma msodzi amene akufuna potsitsira nsomba amaona khoma la maboti oyera.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti boti la matanga siliononga chilengedwe chifukwa limayenda ndi mphepo. Apa ndiyenera kuvomereza kuti poyerekeza ndi chombo chotentha mafuta usana ndi usiku, kusiyana kulipo ndipo n'kwakukulu. Komabe aliyense amene anakwerapo boti lobwereka akudziwa kuti injini imalira nthawi yaitali ndithu: polowa ndi potuluka m'doko, mphepo ikatha, mphepo ikamachokera kutsogolo, ndiponso pamene akuthamangira kukapeza malo anzawo asanafike. Chodetsa nkhawa kwambiri chili pansi pa madzi pomwe maso saona. M'nyanja ya Mediterranean mumamera udzu wotchedwa Posidonia, umene ndi mobisalamo ndi moswanirana nsomba, ndiponso umagwira mchenga kuti gombe lisakokoloke. Udzuwu umakula masentimita ochepa chabe pachaka. Nangula ndi tcheni chake zikakokedwa pansi zimauzula ndi mizu yomwe, ndipo bala la usiku umodzi limatenga zaka zambiri kuti lipole. N'chifukwa chake zilumba za Balearic ku Spain zinakhazikitsa lamulo mu 2018 loletsa kuponya nangula paudzu umenewu. Nangula sasankha kuti wachokera m'boti la injini kapena la matanga. Onjezani apo madzi akumwa. Hydra ndi chilumba chouma, chimene makolo ake ankadalira zitsime zosungira madzi a mvula pansi pa nyumba, kenako madzi obwera pasitima, ndipo lero anthu ake amadalira makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, amene amadya magetsi. Boti lililonse lodzaza matanki ake padoko likutunga pachitsime chomwecho, ndipo matumba a zinyalala za masiku angapo amene limasiya pakhoma amatoledwa ndi galimoto zochepa zija za khonsolo.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo siyenera kupeputsidwa: chilumbachi chimadya za alendo. Mwini lesitilanti, mayi wogulitsa buledi, mnyamata wa nyulu, onse akuyembekezera miyezi ya chilimwe kuti apeze cha chaka chonse. Otsutsa amati kubweza boti ndi kubweza chakudya cha ana a anthu amenewa. Amawonjezeranso kuti amalipira kale, popeza kuyambira mu 2019 boti lililonse lachisangalalo lotalika kuposa mamita 7 limapereka msonkho wotchedwa TEPAI likamayenda m'madzi a Greece. Ndiyankha mbali ziwirizi padera. Msonkho wa TEPAI umatoleredwa ndi boma lalikulu, ndipo boti la mamita 10 mpaka 12 limalipira mayuro 33 pamwezi wathunthu. Mukagawa ndalamayi kwa anthu onse okwera botilo pa mweziwo mupeza kuti aliyense waponya yosakwana chakudya chimodzi cha padoko. Ndalama yomangirira pakhoma la khonsolo nayonso ndi yochepa poyerekeza ndi ya m'madoko a makampani. Munthu amene wakwanitsa kubwereka boti sabata yathunthu sangalire nazo zimenezi. Kunena za malonda, tiyeni tione bwino amene amasiya ndalama zambiri. Mlendo wobwera pasitima amagona m'nyumba ya alendo ya pachilumba, amadya m'mawa, masana ndi madzulo pomwepo, katundu wake amanyamulidwa ndi nyulu. Mlendo wa paboti wabwera ndi bedi lake, khitchini yake ndi zakudya zimene anagula m'sitolo yaikulu ku Athens. Amatsika, kudya chamadzulo, kugula madzi oundana, n'kubwerera kukagona m'boti. Ndalama yake ndi yeniyeni ndipo eni malesitilanti amaifuna, koma si yaikulu moti n'kupereka doko lonse chifukwa cha iyo. Malire sachotsa alendo onse. Mzere woyamba ukhalapobe, wodzaza usiku uliwonse, ndi anthu amene akudziwiratu kuti ali ndi malo ndipo angathe kukhala masiku awiri modekha m'malo mothawa m'bandakucha poopa kukolana anangula.

Pali mfundo yachinayi imene imakoma m'makutu, ndipo ndiyo imene ndikufuna kuchedwapo. Akuti nyanja ilibe mwini, ndipo Hydra yeniyeniyo inamangidwa ndi amalinyero osamva malire, ndiye kutsekera boti la matanga pakhomo la tauni imeneyi n'kunyoza mbiri yake. Mbiriyo ndi yoona ndipo ndi yochititsa chidwi. Pangano la Küçük Kaynarca la mu 1774, la pakati pa Russia ndi ufumu wa Ottoman wa ku Turkey umene unkalamulira Greece, litatsegula njira ya ku Black Sea, zombo za ku Hydra zinayamba kunyamula tirigu wa kumeneko. M'nthawi ya nkhondo za Napoleon ankazemba zombo za Britain zimene zinatchinga madoko, n'kukagulitsa tiriguyo ku France ndi ku Spain pamtengo wokwera. Nyumba zikuluzikulu zamiyala zimene alendo amajambula lero, monga ya Lazaros Kountouriotis imene tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale, ndi ya banja la Tombazis imene imagwiritsidwa ntchito ndi sukulu ya zaluso ya ku Athens, zinamangidwa ndi chuma chimenecho. Nkhondo yomenyera ufulu wa Greece itabuka mu 1821, chumacho chinathiridwa m'nkhondo, zombo zamalonda zinasanduka zankhondo, ndipo Andreas Miaoulis, mmalinyero wa ku Hydra, anazitsogolera polimbana ndi ufumu wa Ottoman, kuphatikizapo kutumiza maboti oyaka moto pakati pa zombo za adani. Koma mbiri imeneyi ikutsutsa otsutsawo m'malo mowathandiza. Anthu a ku Hydra ankayenda nyanja zonse, inde, koma doko lawo ankalilamulira okha. Ngakhale pansi pa ufumu wa Ottoman ankadziyendetsera zinthu kudzera mwa akuluakulu awo, ndipo mizinga imene ikadali pakhomo pa doko siinaikidwe pamenepo kuti ikongoletse malo. Ufulu wa panyanja sunatanthauzepo kuti aliyense amangirire pakhoma la wina mmene wafunira.

Mbiri yomweyo ili ndi mbali ina imene okonda maboti saitchula. Nkhondo itatha, Hydra inagwa. Chuma chinali chitathera kunkhondo, zombo zoyendera nthunzi zinalanda malonda, madoko a Syros ndi Piraeus anakula, ndipo anthu anasamuka mwaunyinji. Otsala anadalira kuvuula siponji pansi pa nyanja, ntchito yoopsa imene nayonso inadzatha. Chimene chinadzutsanso tauniyi kuyambira m'ma 1950 ndi chakuti inali isanasinthe, ndipo malamulo oletsa galimoto ndi oteteza mamangidwe akale anaisunga choncho. Kunena mwachindunji, Hydra ikudya lero chifukwa inakana zinthu. Inakana msewu wa phula, inakana nyumba zosanja zamakono, inakana ngakhale njinga yamoto ya mwana wa pachilumba pomwepo. Mkulu wokalamba wa kumtunda kwa tauni amakwera masitepe ambirimbiri tsiku lililonse chifukwa cha malamulo amenewa, ndipo womanga nyumba amalipira nyulu pa thumba lililonse la simenti. Ngati eni malo amasenza mtolo wotere chaka chonse kuti tauni ikhale mmene ilili, ndi chifukwa chanji mlendo wa usiku umodzi akhale yekhayo wosamva mawu akuti ayi? Chaka chilichonse kumapeto kwa June tauniyi imachita chikondwerero cha Miaoulia, pamene amatentha boti panyanja ndi kuphulitsa makombola pokumbukira nkhondo ija. Moto womwewo, makombola omwewo, koma nthawi ndi malo zasankhidwa ndi eni ake, atakonzekera. Kusiyana kwa usiku umenewo ndi usiku wa nkhalango ija kwagona pa funso la amene analamula.

Mfundo yachisanu ndi ya chilungamo, ndipo imandikhudza. Akuti mukaika malire ndi mitengo, opeza malo adzakhala olemera okhaokha, ndipo banja limene lasonkha ndalama zaka zingapo kuti libwereke kaboti kakang'ono lidzatsala kunja. Nkhawayi ndi yomveka, chifukwa madoko ambiri a Mediterranean anasandukadi mabwalo a anthu a ndalama. Koma taonani mmene zilili panopa popanda dongosolo. Amapeza malo ndi amene ali ndi injini yamphamvu yofika msanga, amene ali ndi kaputeni wolembedwa ntchito wodziwana ndi anthu a padoko, ndi amene saopa kukankha anzake. Banja losazolowera lija limafika madzulo, kuzungulira m'doko mwamantha, n'kumangirira mzere wachitatu, kumene ana ayenera kudumpha maboti awiri a anthu osawadziwa kuti akafike kumtunda. Chipwirikiti chimakondera amphamvu kuposa mmene lamulo lingachitire. Pamjigo wa m'mudzi nthawi ya chilimwe, mzere ukasokonekera amene amabwerera ndi ndowa youma ndi agogo ndi ana, osati anyamata amphamvu. Dongosolo labwino lingathe kutetezadi aang'ono: malo osungitsa pasadakhale, mtengo wokwera molingana ndi kutalika ndi kutambalala kwa boti kotero kuti wamkulu alipire zambiri, malire a masiku ogona kuti wina asakhazikike, ndi gawo la khoma losiyidwira maboti ang'onoang'ono. Chinthu chimodzi sichiyenera kukhudzidwa: boti limene lili pangozi chifukwa cha namondwe, kuonongeka kapena wodwala liyenera kulandiridwa nthawi iliyonse, malo alipo kapena palibe. Limenelo ndi lamulo lakale la panyanja, ndipo malire amene ndikunena amathandiza kuti malo a wovutikayo apezeke.

Ena amati yankho ndi losavuta: kulitsani doko, kapena mangani lina lamakono pafupi. Apa sindichedwapo. Doko lalikulu limaitana maboti ambiri, maboti ambiri amafuna madzi, magetsi, mafuta ndi njira yonyamulira katundu, ndipo posakhalitsa wina adzanena kuti nyulu sizikukwanitsa, pakufunika kamsewu kakang'ono chabe. Khoma la simenti lotchinga mafunde lingasinthe maonekedwe a gombe limene alendowo abwerera. Vuto la chilumba cha anthu 2,000 silingathe pochikonza kuti chifanane ndi Alimos.

Ndiye wapaboti amene wakanidwa malo atani? Sikuti Hydra yamutsekera. Ku Mandraki, chakum'mawa pang'ono kwa tauni, maboti amaima, ndipo kuchokera kumeneko munthu amayenda wapansi m'mphepete mwa nyanja kapena kuitana boti la hayala. Angathenso kusiya boti ku Ermioni kapena ku Poros n'kubwera pasitima, kapena kuwoloka pa maboti ang'onoang'ono ochokera ku Metochi, tsidya lina la madzi. Akafika motero adzaona zambiri kuposa amene wakhala madzulo onse akuyang'anira zingwe poopa kugundidwa. Adzakhala ndi mpata wolowa m'bwalo la tchalitchi chachikulu cha padoko chokhala ndi nsanja ya wotchi, wokwera phiri kupita kunyumba ya amonke ya Profitis Ilias, ndi woona nyulu zikusenzetsedwa katundu m'mamawa boti la katundu litafika. Pa nkhani ya nyamazi, ndikugwirizana ndi amene amafuna kuti zitetezedwe. Mu 2018 boma la Greece linalamula kuti zisanyamule katundu wopitirira makilogalamu 100 kapena gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo, ndipo lamulo lotere limatsatika bwino pamene katundu wotsika padoko ali ndi malire. Alendo akachuluka mopanda muyeso, msana wa nyulu ndi umodzi mwa malo oyamba kumva kulemera kwake.

Chotsala ndi funso la amene ayenera kutchula nambala. Makampani obwereketsa maboti a ku Athens sayenera kukhala ndi mawu omaliza, chifukwa phindu lawo lili pa kulonjeza makasitomala usiku wa ku Hydra, ndipo zinyalala ndi madzi si iwo amalipira. Unduna wa ku Athens nawonso uli kutali ndi khomalo. Nambalayo ichokere kukhonsolo ya Hydra ndi oyang'anira doko, atakhala pansi ndi asodzi, oyendetsa maboti a hayala, eni nyulu, eni malesitilanti ndi anthu okhala m'nyumba zoyang'ana padoko amene amamva majenereta ndi nyimbo usiku. Ayambe apatula malo a sitima ya anthu, a boti la katundu, a asodzi ndi a boti lonyamula odwala, kenako zotsalazo azipereke kwa alendo. Ndalama zotoleredwa zilembedwe poyera chaka ndi chaka, ndipo zipite ku makina a madzi, ku zinyalala, ku zida zozimitsira moto zotha kufika kumagombe opanda msewu, ndi ku zomangirirapo maboti zokhazikika pansi pa nyanja m'malo mmene muli udzu wa Posidonia, kuti anangula asiye kugwetsedwamo.